Mpeni wa Okapi wa malemu bambo, ndiusunge mu sutikesi kapena ndiziyenda nawo?

Mwana wa ku Chitakale:
Akuluakulu muli bwanji nonse pa gulu pano. Ine ndabwera ndi nkhani ya mpeni. Bambo anga anatisiya chaka chatha, ndiye sabata yathayi atsibweni anatiitana kuti titsegule sutikesi yawo yachitsulo ija anabwera nayo ku Theba, ku ntchito ya m'migodi ya ku Joni. Munali mapepala, chipewa, lamba ndi zina, koma pansi penipeni munali kanthu kokulungidwa m'kansalu, potsegula ndi mpeni wopinda wa Okapi uja ndinkauona ndili mwana. Atsibweni anangoutenga nkundiika m'manja amvekere uwu ndi wako, bambo ako ankakusendera nawo nzimbe iwe uli pa mwendo pawo. Ndinasowa chonena. Chigwiriro chake ndi chamtengo wofiirira, pali kamwezi ndi tinyenyezi tachitsulo koma kamodzi kanagwa panangotsala kadzenje, kumsana kuli karing'i kokokera potseka. Vuto ndi loti wachita dzimbiri, ukulimba moti dzulo ndinachita kuukoka ndi pulayala kuti utseguke, komanso kunsonga kunabenthuka pang'ono. Mafunso anga ndi awiri. Ndiutsuke bwanji osauononga? Chachiwiri mtima wanga ukufuna ndiziyenda nawo m'thumba ngati mmene ankachitira eni ake, koma mayi a kunyumba akuti ayi ubwerere mu sutikesi ungatayike. Ndithandizeni maganizo.

Kapitawo Wopuma, Thyolo:
Pepa mwanawe pa imfa ya bambo ako. Choyamba pulayala ija uisiye lero lomwe, uthyola sipiling'i yakumsanayo ndipo ikathyoka basi mpeni watha palibe angakukonzere. Chachiwiri usayerekeze kupita nawo kwa anyamata owotcherera kuti akunolere pa makina aja amatulutsa moto, chitsulo chikatentha mpaka kusintha mtundu kukhala chobiriwira ndiye kuti chafewa, ukanola m'mawa pofika masana chabuntha. Tenga kabotolo uthiremo parafini, uviike mbali ya chitsuloyo mpaka pamene pali msomali wapakati, chigwiriro chisamire chonse, ugone momwemo masiku awiri. Ukautulutsa uziutsegula ndi kutseka pang'onopang'ono, uona madzi ofiira akutuluka pa mfundopo, ndi dzimbiri limenelo. Ukatero upukute ndi sitiliwulu yotsukira mapoto ija, mopepuka, motsatira utali wa mpeni osati mopingasa.

Mwana wa ku Chitakale:
Zikomo kwambiri madala, ndinali nditaganiza kale zopita nawo kwa owotcherera mawa, mwandipulumutsa. Nanga pobenthukapo?

Kapitawo Wopuma, Thyolo:
Pamenepo ndi pa mwala basi, tizakambirana ukatha kutsuka. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Mjoni wa ku Luchenza:
Achimwene pepani ndi zovutazo. Tandiuzani, pa tsinde la chitsulo pafupi ndi chigwiriro palembedwa chani? Mupukute ndi chala muwalitse ndi tochi ya foni

Mwana wa ku Chitakale:
Pakuoneka movutikira koma pali OKAPI, pansi pake MADE IN GERMANY

Mjoni wa ku Luchenza:
Eeee ndiye muli ndi chinthu achimwene, musachitenge mopepuka. Anthu ambiri amaganiza kuti Okapi ndi mpeni wa ku Joni kuchokera pachiyambi koma ayi, unayamba kupangidwa ku Solingen dziko la Germany mu 1902, tauni imeneyo ndi yodziwika ndi mipeni ndi malezala kuyambira kalekale, ndipo ankaupangira makamaka kuti azigulitsa kuno ku Africa. Mu 1988 ndi pamene dzina ndi makina anazisamutsira ku South Africa, pano umapangidwa ku Isithebe chigawo cha KwaZulu-Natal. Ndiye wanuwo ngati walembedwa Germany ndi wa nthawi isanafike 1988. Ine kuno ndili ndi atatu a Okapi koma onse ndi a South Africa, wa Germany ndakhala ndikuufunafuna mmisika ya zakale sindinaupeze wabwino. Kuno amautchula three star chifukwa cha tinyenyezi timeneto. Mukamautsegula pang'onopang'ono mumve ngati ukulira kuti kra kra kra, timano ta pa tsinde tikamadutsa pa sipiling'i, ukalira choncho ndiye kuti mkatimo muli bwinobwino.

Mphunzitsi wa ku Thekerani:
Zaka zikugwirizana ndithu ndi nkhani ya Theba. Anthu athu ankapita ku migodi kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya ku migodiko, mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndikupha amalawi ambiri obwerera kumudzi a Kamuzu Banda analetsa ulendowo, unadzayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA mpaka 1988 pamene unatheratu. Ndiye amene anabwera ndi ma sutikesi achitsulo, mabulangete, wailesi ndi mipeni imeneyi anagula nthawi yomwe inkachokera ku Germany. Dzina loti Okapi ndi la nyama ya m'nkhalango za ku Congo, m'bale wake wa kadyansonga koma khosi lalifupi, miyendo yamizeremizere ngati mbidzi. Azungu anali atangoidziwa kumene nyamayo mu 1901 ndiye dzina linali m'kamwam'kamwa.

Mwana wa ku Chitakale:
Aphunzitsi zimenezi sindimadziwa ndithu. Bambo samakonda kukamba za ku mgodi, ankangoti kunali mdima ndi fumbi. Chifuwa chimene chinawatenga ife timaganiza kuti chinayambira konko. Ndiye mpeniwu ndikuuona mwina tsopano

Mlongo wa ku Limbuli:
Pepani achimwene ndi maliro, ndipo sindikufuna kukukhumudwitsani, koma ine ndili mbali ya alamu anga amene akuti ubwerere mu sutikesi. Inu nonse mukukamba za mpeni umenewu ngati ndi wosendera nzimbe basi. Mchimwene wanga ali ndi chipsera kuyambira pa phewa mpaka pa nthiti, anamubaya ndi mpeni womwewu wa karing'i pa malo ena omwera mowa tsiku la malipiro, nkhani yake ya chenje chabe, amene anamubayayo anali mnzake wodyera naye mbale imodzi ndipo mmawa mwake ankalira kuti sakukumbuka. Tinagona pa khonde la chipatala masiku ambiri. Mpeni ukanakhala kunyumba akanangomenyana makofi nkutha. Munthu ukakhala ndi chinthu m'thumba tsiku lina mkwiyo umachikumbuka. Ndiye ine ndikamva mnyamata akutsegula kra kra kra ija thupi limachita tsembwe mpaka lero.

Kapitawo Wopuma, Thyolo:
Mayi mwanena zoona ndipo palibe angakutsutseni. Ine zaka zonse ndinagwira ku esiteti ndinaona zimenezo kangapo. Nchifukwa chake ife akale tinali ndi lamulo lathu losalembedwa, mpeni supita ku mowa, supita ku mpira, supita ku msonkhano wa ndale, supita ku bwalo la mfumu. Ukamapita kumeneko umausiya pa windo. Bambo anga ankati munthu wotulutsa mpeni pa mkangano wadzichotsa yekha pa gulu la amuna.

Mlongo wa ku Limbuli:
Madala lamulo limenelo anyamata a lero akulidziwa? Ndi amene ndikuwaopa ine

Kapitawo Wopuma, Thyolo:
Ambiri sakulidziwa mayi, chifukwa mpeni anagula okha pa msika palibe anawapatsa m'manja ndi mawu. Uyu wapatsidwa ndi atsibweni ake, ndi zosiyana.

Mphunzitsi wa ku Thekerani:
Tionjezere kuti si nkhani ya mwambo wokha. Malamulo a dziko lino amaletsa kuyenda ndi chida choopsa pagulu popanda chifukwa chomveka. Munthu wochokera ku munda ali ndi mtolo wa nzimbe pa njinga ndi mpeni m'thumba chifukwa chake chikuoneka chokha, koma yemweyo akapezeka nawo usiku pa depoti kapena mu bala adzavutika kufotokoza. Ndipo mwana asapite nawo ku sukulu ngakhale akati ndi wosongolera pensulo, ife timalanda nkuitana kholo.

Adimini:
Nkhaniyi ndi yabwino ipitirire, koma aliyense wolemba zoopseza mnzake kapena kuonetsa mpeni ngati chida cha ndewu ndimuchotsa osafunsa. Achemwali a ku Limbuli zikomo polankhula, si zophweka.

Pota wa ku Likhubula:
Ine mpeni ndimayenda nawo tsiku lililonse ndipo popanda iwo ntchito yanga siyenda. Mukanyamula chikwama cha mlendo kuchokera pa Likhubula kukagona ku Chambe kapena Lichenya, kenako Chisepo kuti mmawa mukwere Sapitwa pa mamita 3002, mpeni umagwira ntchito kosawerengeka, kudula chingwe chomangira katundu, lamba wa chikwama akaduka kuboola pena nkusoka, kusenda mbatata ndi anyezi ku hati, kanyumba kogonamo pa phiri, kupala tinkhuni topyapyala toyatsira moto nkhuni zikanyowa, kuchotsa minga. Kale ndinali ndi Okapi wa South Africa, pano ndili ndi Opinel nambala 8 anandisiyira mlendo wina wa ku France titatsika, anati ndimupatse kakobili kalikonse chifukwa kwawo mpeni sapatsana ulele akuti umadula ubwenzi, ndinamupatsa K10 yachitsulo anasangalala ngati ndamulipira zambiri. Ndi wopepuka zedi mumaiwala kuti uli m'thumba, ndipo ndi wopyapyala umadula tomato ngati lezala. Koma vuto lake limodzi, chiperoni chikagwa masiku atatu mtengo wa chigwiriro umafufuma mpeni nkukana kutseguka, zala zili gwa ndi kuzizira ukulimbana nawo. Mlendoyo anandionetsa nzeru yake, umagwira cha ku khosi nkugogoda kumapeto kwa chigwiriro pa mwala kapena pa tebulo, nsonga imasuzumira yokha ndiye umakoka.

Mjoni wa ku Luchenza:
Aise Opinel ndi nkhani ina, Joseph Opinel anayamba kupanga mu 1890 ku Savoie kumapiri ngati kwathu konkuno, karing'i kozungulira kotsekera kaja anadzaonjezera mu 1955. Uone pa chitsulo pali kadzanja kovala chisoti chaufumu. Ngati palembedwa Carbone ndi uja amachita dzimbiri koma amathwa msanga, ngati palembedwa Inox ndi wosachita dzimbiri. Za kufufumazo sungunula phula la njuchi upake mkati mwa mpata ndi pa mfundo nthawi yotentha mtengo uli wouma, madzi salowanso kwambiri

Pota wa ku Likhubula:
Ndi Carbone. Phula ndiyesa, kuno alimi a njuchi ndi ambiri. Chimodzi ndipemphe pa gulu pano, pali ena akumasema zigwiriro ndi timabokosi ta mkungudza nkumagulitsa, chonde tisagule. Ife amene timakwera phiri tikuona ndi maso athu, malo amene ndili mnyamata munali mdima wa mikungudza pano ndi zitsa zokhazokha, mbande zimene zikubzalidwa zimatenga zaka zambirimbiri. Chigwiriro chikathyoka mtengo wa bulugamu wouma kapena wa pichesi umakwana.

Mayi wa Nanazi:
Abambo mwakamba za Germany ndi France koma ife amayi ndi amene timagwira mpeni kuyambira mbandakucha mpaka usiku ndipo palibe amatifunsa. Wanga si wopinda, anandisulira bambo wina wosula zitsulo kuchokera ku sipiling'i ya galimoto, chigwiriro anakulunga ndi mphira wa chubu cha njinga, ndimaukulunga m'kansalu nkuika pansi pa beseni. Pa tsiku ndimasenda nanazi osawerengeka pa msewu, minibasi ikaima munthu akufuna chosendasenda pompo, ndiye mpeni wobuntha ndi ndalama yotayika. Ndikufuna ndimuuze mwana wa ku Chitakaleyu chinthu chimodzi, akatsuka mpeniwo nkusendera chinanazi kapena ndimu aona chitsulo chikuda, pena chotuwa pena chakuda ngati chapsa, asadandaule ndipo asakwechenso. Kuda kumeneko si dzimbiri, kumateteza. Dzimbiri loononga ndi lofiira lija lokhakhala. Wanga ndi wakuda bii koma kukamwa kwake kokha kumawala. Chachikulu ukatha ntchito tsuka, pukuta uume, osausiya ndi madzi a chinanazi usiku wonse mmawa upeza wachita mawangamawanga.

Mwana wa ku Chitakale:
Mayi zikomo, ndikukumbuka tsopano kuti wa bambo unali wakuda choncho nthawi zonse ndipo ine ndinkaganiza kuti ndi litsiro. Nanga mafuta ndizipaka anji?

Mayi wa Nanazi:
Pa chitsulo chokhudza chakudya kadontho ka mafuta ophikira nkupukuta, osachulutsa amadzamata ngati ulimbo. Parafini uja utsukiretu ndi sopo usanasendere mwana kanthu

Kapitawo Wopuma, Thyolo:
Pa mfundo pokha kadontho kamodzi ka mafuta a makina osokera. Chigwiriro upake mafuta a nsatsi ndi chala, mtengo wakalewo uli ndi ludzu. Tsopano za kunola. Ife podulira tiyi nyengo yozizira munthu aliyense amakhala ndi mpeni wake wokhota uja ndi kamwala kake m'thumba, ndipo kapitawo amadziwa waulesi poona podulidwa, mpeni wakuthwa umasiya nthambi yosalala mopendekeka madzi a mvula amatsetsereka, wobuntha umaphwanya nthambi nkuyamba kuola. Ndiye kunola ndinaphunzira ndi misozi. Upeze mwala wosalala wa ku mtsinje, mu Likhubula kapena mu Ruo ilimo yambiri, usankhe wophwatalala wosakhala ndi timiyala tonyezimira tikulutikulu. Unyowetse. Ugoneke mpeni nkudzutsa msana wake pang'ono chabe, ngati ukufuna kusenda kachikopa kopyapyala ka mwalawo, ukankhe kuyambira ku tsinde kumalizira ku nsonga. Dzanja lisamagwedezeke, kupendekeka kukhale komweko komweko, apa ndi pamene ambiri amalephera. Upitirize mbali imodzi mpaka ukapapasa ndi chala kuseri umve kamlomo kokanda, ukatero tembenuza. Pobenthukapo usalimbane napo tsiku limodzi udya chitsulo chambiri, pazidzatha pokha ukamanola miyezi ikamapita. Pomaliza pansi pa kapu yadothi paja sipanapakidwe zonyezimira, kenako pa lamba wachikopa mobwerera m'mbuyo. Wanena kuti mu sutikesi munali lamba, ndikukuuza bambo ako ankanolera yemweyo, kamuyang'ane mkati mwake uona mizere yakuda.

Mwana wa ku Chitakale:
Madala ndapita kukamuona lambayo. Mizere ilipo, mbali yamkati cha kumapeto ndi yakuda yosalala ngati galasi. Ndakhala pansi kaye

Mayi wa Nanazi:
Limba mtima mwanawe

Womezanitsa Mitengo ku Bvumbwe:
Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Ine ntchito yanga ndi ya ku nazale, kumezanitsa makademiya, mapeyala, mango ndi malalanje, ndipo ndili ndi mipeni iwiri m'thumba. Wina ndi wa chilichonse, kudula machubu, tizingwe, kusenda gwafa, amene wandipempha ndimabwereka. Winawo ndi womezanitsira wa Victorinox, wonoledwa mbali imodzi yokha kuti podula pakhale phwatalala, nthambi ziwiri zikakumana pasakhale mpata wolowa mpweya, umenewo ngakhale mkazi wanga amadziwa kuti saugwira. Tsiku lina mnyamata wina waganyu anautenga ndili ku nkhomaliro nkukadulira waya, ndinapeza mano atatu pa mpeni, ndinatha madzulo awiri pa mwala kuti ubwerere. Ndimaupukuta ndi sipiriti ndikamachoka pa mtengo wina kupita pa wina kuti ndisasamutse matenda. Ndiye langizo langa kwa achimwene a ku Chitakale ndi limenelo, khalani ndi iwiri, wobwereketsa ndi wosabwereketsa. Pa maliro kapena pa ukwati pophedwa mbuzi mawu oti tabwerekeni mpeni ndi amene amameza mipeni yambiri, umachoka dzanja ili kupita dzanja ilo pofika madzulo aliyense akuti ndinapatsa uje.

Mjoni wa ku Luchenza:
Zoona zimenezo. Victorinox ndili nawo awiri ofiira aja a mtanda woyera, kampani yake anayambitsa Karl Elsener mu 1884 ku Ibach dziko la Switzerland, dzinalo anaphatikiza la mayi ake Victoria ndi inox kutanthauza chitsulo chosachita dzimbiri. Koma chenjerani ndi ofiira a pa msika otchipa aja, weniweni amalembedwa dzina pa tsinde la mpeni waukulu ndipo potseka amalira kuti thwa mwamphamvu, wabodza sizasi yake imangotafuna pepala ndipo chotsegulira chitini chimapindika tsiku loyamba. Onse pamodzi ndili ndi mipeni 11, Okapi atatu, Victorinox awiri, Opinel, Joseph Rodgers wa ku Sheffield wa kanyenyezi ndi kamtanda amene ndinagula kwa gogo wina wachizungu, Douk-Douk wa ku France wachitsulo chokhachokha wopyapyala ngati bisiketi, ndi ena. Lamlungu ndikaweruka ndimayala pa bedi nkumapukuta mmodzimmodzi, kuno munthu umasowa wocheza naye ndiye zimandikhazika mtima pansi, ndimakumbuka agogo anga pa khonde ku Luchenza akusema mpini.

Wamalichero wa ku Muloza:
Achimwene a ku Joni musandimvere molakwa koma mipeni 11 manja awiri? Ine ndili ndi umodzi wokha zaka zoposa makumi awiri, ndimawazira nsungwi zolukira malichero ndi madengu, wanoledwa mpaka watsala wowonda ngati tsamba la nsungwi lomwelo, pakati unalowa mkati chifukwa ndi pamene nsungwi imadutsa. Chigwiriro chili ndi dzenje la chala changa chachikulu, munthu wina akaugwira amati sukugwirika koma ine ndikhoza kuwaza nsungwi mu mdima osadzicheka. Mpeni wogona pa bedi sudziwa mwini wake. Kwa ine wa malemuwo ugwire ntchito, ukaubweza mu sutikesi dzimbiri lidzamaliza zimene layamba, paja mwaupeza wolimba chifukwa unakhala osagwiridwa.

Mjoni wa ku Luchenza:
Akulu sindikukana, wanuwo ndi woposa anga onse 11 ndipo nditabwera kumudzi ndikufuna ndidzauone ndi maso. Koma osunga nafenso tili ndi ntchito yathu. Mipeni ya Germany ija inabwera yambirimbiri ndi anthu a ku Theba, lero ili kuti? Inanoledwa mpaka kutha, ina inatayika m'minda, ana a lero sadzaiona. Pakapanda wina wosunga umodzi uli bwinobwino mbiri imeneyi idzangokhala ya pakamwa

Wamalichero wa ku Muloza:
Apo mwanena. Koma kusunga kwake kukhale kotulutsa nkumagwiritsa, osati kotsekera

Mnyamata wa Kabaza, Thyolo Boma:
Ine ndingokuuzani zimene zinandichitikira mwina zithandiza. Ndinali ndi mpeni wa agogo anga aamuna, waung'ono wa chigwiriro cha nyanga, ndinkayenda nawo kulikonse podulira mphira womangira katundu pa njinga. Tsiku lina ndinapita ku zochitika zina kumene pa geti amasecha, ndinaiwala kuti uli m'thumba, mlonda anautenga amvekere udzatenge potuluka, sanandipatse kapepala kalikonse inenso sindinaganize zofunsa. Potuluka anthu ali pikitipikiti mlonda uja palibe, amene analipo akuti sitikudziwa. Ndinabwererako katatu. Sindikuti analakwa kulanda, lamulo la pamalopo ndi lomwelo, wolakwa ndi amene sanabweze, koma mpaka lero ndikadutsa pamenepo mtima umawawa chifukwa chinthu cha agogo chinali chokhacho. Wa pa msika ukatayika umagula wina mawa. Ndiye mverani akazi anu pang'ono achimwene. Komanso a ku Joni mukamabwera pa ndege musaike m'chikwama cha m'manja, muike mu katundu wopita pansi apo ayi mudzaisiya pa bwalo la ndege yonse 11

Mjoni wa ku Luchenza:
Ndimabwera pa basi aise koma ndamva, pepa ndi za agogo

Mlongo wa ku Limbuli:
Ndawerenga zonse ndipo mtima watsikako. Mayi a nanazi andikumbutsa kuti inenso mayi anga ankayenda ndi kampeni ku munda kothyolera nkhwani ndi kusendera chinangwa ndipo sindinkaopa. Mantha anga ali pa mowa ndi pa anyamata. Achimwene a ku Chitakale ngati muli ndi ana aamuna chonde mawu anenedwa ndi madala aja a pa windo mudzawauze pamodzi ndi mpeniwo.

Mwana wa ku Chitakale:
Achemwali ndalonjeza. Ndili ndi wamkazi wa zaka zisanu ndi wamwamuna wa miyezi isanu ndi itatu, onse adzamva.

Mwana wa ku Chitakale:
Akuluakulu ndabweranso patha masiku anayi. Ndinachita monga ananenera madala, parafini masiku awiri, madzi ofiira anatuluka ambiri ndithu, tsiku lachitatu unatseguka ndi zala zokha ndipo a ku Joni kulira kuja kulipo, kra kra kra katatu kenako thwa. Nditamva ndinaitana mayi anga kuti amvere, anangoti ameneyo ndi bambo ako akubwera kuchokera ku dimba, nkulowa m'nyumba. Mwala ndinakatola ku Likhubula, kunola kokha sindinafike pometa ubweya wa pa mkono koma pepala ukudula. Dzulo madzulo ndinagula nzimbe ndinakhala pansi pa mtengo wa mango nkumusendera mwana wanga wamkazi ali pa mwendo, ndikudula timfundo timfundo ngati mmene ankachitira. Tagwirizana ndi mayi a kunyumba kuti mu sutikesi subwereramo koma pa msewu supitanso, uzikhala pamwamba pa kabati pamene ana safikira pamodzi ndi lamba uja, wa nzimbe, mapeyala ndi ntchito za pakhomo. Woyenda nawo ndigula wina wa South Africa. Chatsala ndi kadzenje ka nyenyezi inagwa ija, nditsekepo ndi chani?

Mjoni wa ku Luchenza:
Musatsekepo achimwene, musiye choncho, mungopakamo phula kuti madzi asalowe. Tumizani chithunzi cha pa tsinde paja ndione zilembo bwinobwino

Kapitawo Wopuma, Thyolo:
Ukudula pepala koma osameta ndiye kuti kamlomo kaja sunakachotse, dzanja likudzuka ukafika ku nsonga. Loweruka ndikubwera ku Chitakale kudzaona mdzukulu wanga, ubwere nawo pamodzi ndi mwalawo ndi lamba, ndidzakugwira dzanja kawiri katatu uzamva wekha pamene pakuyenera kupendekekera. Undiimbire cha m'ma 10 ndikatsika minibasi.

Mwana wa ku Chitakale:
Ndidzakudikirani pa siteji madala, nzimbe ndigula ine